Amayi, mwasiya kupuma

"Amayi, mwasiya kupuma."

Anatero mtsikana wa fiziyo, aja othandiza odwala ndi masewera olimbitsa thupi, ine nditagona chagada pa kabedi kopapatiza kuchipatala, mawondo nditapinda, ndikuyesa kudzutsa mwendo umodzi. Ndinamuyankha kuti ndikupuma. Anaika dzanja lake m'munsi mwa nthiti zanga n'kunena kuti ndidzutsenso mwendowo. Nditangoyamba, ndinazimva ndekha. Pakhosi panatsekeka, mano analumana, mimba inatukuka ngati mtanda wa mandasi ukufufuma, ndipo mpweya unangoima m'chifuwa mpaka phazi litabwerera pa bedi. Kenako ndinausa moyo ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni. Mwendo umodzi basi, wanga womwe, umene ndayenda nawo zaka 41.

Ndili ndi okala ku Matawale, kuno ku Zomba. Anthu amaona ngati ntchito ya pa okala ndi yongokhala pa mpando n'kumabweza chenje. Sadziwa za m'mawa wa Lolemba ndi Lachinayi, katundu akafika kuchokera m'tauni. Belo la shuga ndi makilogalamu 20. Chigubu cha mafuta ophikira ndi malita 20. Pali makatoni a sopo, makireti a zakumwa, matumba a mchere, ndipo wa kabaza amangotula pakhomo, zolowetsa m'kati n'zako. Ndachita zimenezi zaka zoposa khumi. Mwana wanga wachitatu anabadwa pa opareshoni, ndipo patangotha miyezi iwiri ndinali nditabwerera pa malonda, poti okala yotseka sidyetsa ana. Kuyambira pamenepo msana sunakhalenso bwino. Madzulo unkaphwanya, m'mawa unkauma. Panalinso china chimene sindinauze ngakhale bambo a kunyumba: ndikayetsemula, ndikaseka kwambiri, kapena ndikanyamula chigubu chija, mkodzo unkadontha pang'ono. Ndikulemba poyera chifukwa ndikudziwa kuti tilipo ambiri amene timangoika kansalu n'kukhala chete.

Tsiku limene linandipititsa kuchipatala ndinawerama kuti nditenge belo la shuga, ndipo ndisanaweramuke n'komwe, m'munsi mwa msana munagwira ngati wina wandipana ndi chitsulo. Masiku anayi ndinkayenda chowerama. Adokotala atandiyeza anati mafupa ali bwino, anandipatsa mankhwala opha ululu n'kunditumiza kwa a fiziyo. Ndinapita ndikuyembekeza kuti akandisisita, kapena akandipatsa masewera otulutsa thukuta ngati amene ndimaona pa foni. M'malo mwake, masabata awiri oyamba ankandiphunzitsa kupuma. Ndinakwiya ndithu. Ndalama ya minibasi, okala yotseka theka la tsiku, kuti ndikaphunzire chinthu chimene khanda limachita lokha likangobadwa? Lero ndikuona kuti zonse zimene zinandithandiza pambuyo pake zinamangidwa pa masabata awiri amenewo.

Anayamba ndi kundifunsa ngati ndinaonapo mbuzi ikutumbulidwa. Ndani sanaonepo? Amene anaimapo pafupi pa Khirisimasi kapena pa chinkhoswe akudziwa kuti mukachotsa matumbo ndi chifu, simufika pa mapapo nthawi yomweyo. Pamakhala kanyama kopyapyala, kofiira m'mbali, koyera pakati, kokungika ngati chikopa cha ng'oma, kolekanitsa chiwindi ndi mapapo ndi mtima. Mpeni uyenera kuboola pamenepo kuti ulowe m'chifuwa. Ifenso tili nako. Achipatala amati diaphragm. Ndi mnofu wooneka ngati mbale yovundikira, wogwira ku nthiti za m'munsi kuzungulira thupi lonse, ndipo kumbuyo uli ndi mizu iwiri yotsikira pa mafupa a m'munsi mwa msana. Tikamakoka mpweya, mnofuwu umakungika n'kutsika, mapapo amapeza malo n'kudzaza, ndipo za m'mimba zimakankhidwira pansi ndi m'mbali. Tikamatulutsa, umamasuka n'kubwerera m'mwamba. Munthu wamkulu akakhala phee amapuma ka 12 mpaka ka 20 pa mphindi, kutanthauza kuti mnofuwu umakwera ndi kutsika maulendo oposa 17,000 tsiku lililonse. Ine chimene chinandigwira mtima ndi mizu ija. Mnofu wopumira unali wogwira pomwepo pamene pankandipweteka.

Kenako anati thunthu la munthu lili ngati chigubu. Chivundikiro chake ndi diaphragm. M'mbali muli minofu ya pamimba, ndipo wa m'kati kwenikweni, umene amautcha transversus abdominis, umayenda chopingasa kuzungulira m'chiuno ngati lamba wamkulu. Kumbuyo kuli timinofu tating'ono tolumikiza fupa ndi fupa la msana. Pansi pali minofu yoyalidwa pakati pa mafupa a chiuno, imene imanyamula chikhodzodzo, chiberekero ndi thumbo la kumapeto, ndipo ndiyo imatithandiza kusunga mkodzo. Mbali zinayizi n'zimene a masewera amazitcha core. Ambiri akamva mawuwa amaganiza za timabokosi ta pamimba ta anyamata a ku jimu, koma timeneto ndi mnofu wa pamwamba. Imene imasunga msana ili kuseri, sioneka pa chithunzi.

Anatenga botolo la madzi lopanda kanthu, kulitseka zolimba, n'kundipatsa kuti ndilifinye. Linakana. Atamasula chitsekerero linaphwatalala m'dzanja mwanga. "Thupi lanu si lopusa, amayi," anatero. "Likaona katundu limatseka pakhosi kuti likhale ngati botolo lotseka. Vuto ndi lakuti lanu likutseka ngakhale pa mwendo umodzi. Linaiwala njira ina."

Kutseka pakhosi n'kukankha koteroko kuli ndi dzina m'mabuku a zachipatala. Amakutcha Valsalva, dzina la dokotala wa ku Italy, Antonio Maria Valsalva, amene analemba za kukankha mpweya potsekeka m'buku lake lonena za khutu mu 1704. Ife timangoti kuchima, ndipo amayi timakudziwa bwino kuchokera ku leba. Kuchima kumalimbitsadi thunthu, n'chifukwa chake onyamula zitsulo zolemera pa mpikisano amachita dala kwa masekondi ochepa. Koma pokonza apa kumawononga pena. Mu 1985 akatswiri a ku McMaster University ku Canada anayeza BP ya anyamata ozolowera zitsulo pamene ankakankha zolemera ndi miyendo. BP inkakwera kufika cha pa 320/250, ndipo mwa mmodzi inapitirira 480/350. Mbali ina ya kukwerako inkachokera ku kutsekera mpweya. Amenewo anali anyamata athanzi, ndipo zinali za kanthawi kochepa. Koma ine bambo anga anamwalira ndi sitiroko, ndipo BP yanga nthawi imeneyo inali itayamba kale kufika m'ma 140. Nditamva zimenezi ndinakumbukira chizungulire ndi timanyenyezi timene ndinkaona m'maso ndikangotula chigubu. Munthu akatsekera mpweya n'kuchima, magazi obwerera ku mtima amachepa kwa kanthawi, ndipo mutu ndiwo umayamba kudandaula.

Chinanso, mphamvu yotsekeredwa imafuna potulukira. Botolo lotseka likakhala ndi pofooka, mukalifinya limaphulikira pofookapo. Mwa ine pofooka panali pawiri: pansi, pamene mimba zitatu zinatambasula, ndi kutsogolo. Wa fiziyo uja anaika zala zanga pamwamba pa mchombo n'kundiuza kuti ndidzutse mutu pang'ono. Zala ziwiri ndi theka zinamira m'kampata ka pakati pa minofu. Mimba ikamakula, minofu iwiri ya kutsogolo imatalikirana, ndipo mwa amayi ena sibwererana yokha akachira. Nthawi iliyonse ndikachima, za m'kati zinkakankha pa kampatako ndi pa chikhodzodzo. Kudontha kuja ndinkakuyesa ukalamba wobwera msanga, pamene inali mphamvu yanga yomwe ikulowera kolakwika.

Phunziro loyamba linali la chitenje. Ndinakhala pa mpando, mapazi pansi. Anatenga chitenje changa, kuchipinda m'litali mpaka chinakhala ngati lamba wa muyeso wa chikhatho, n'kuchizunguliza m'nthiti za m'munsi, pansi pa mabere. Nsonga zake anazipingasitsa kutsogolo n'kundigwiritsa, dzanja lamanja nsonga ya kumanzere, lamanzere ya kumanja. "Kokani mpweya ndi mphuno, pang'onopang'ono. Nthiti zikankhe chitenjecho m'mbali ndi kumbuyo." Ndinakoka. Mapewa anakwera mpaka m'makutu, chitenje osasuntha. Anagwira mapewawo kuti akhale pansi. Ndinakokanso, ulendo uno mimba yokha ndi imene inatukukira kutsogolo. Tinabwereza mwina kakhumi, iye osatopa, ine nditayamba kale kutaya mtima. Kenako anandiuza kuti ndiwerame pang'ono, zigongono pa mawondo, ndipo anaika zikhatho zake kumbuyo kwanga, pa nthiti za m'munsi. "Pumirani m'manja mwangamu." Ndinamva chinthu chimene ndinali ndisanamvepo: msana ukutambasuka kuchokera m'kati, nthiti zikutseguka ngati ambulera, nsonga za chitenje zikutsetsereka m'zala mwanga. Misozi inalengeza m'maso. Tili ndi nthiti 12 mbali iliyonse, ndipo gawo lalikulu la mapapo lili m'munsi ndi kumbuyo, koma ine zaka zonsezi ndinkapumira pamwamba pa chifuwa pokha, ngati munthu wa nyumba yaikulu amene amangokhala pa khonde.

Kutulutsa ndiye pagona nkhani. "Muziuzira ngati mukuziziritsa phala la mwana pa supuni," anatero. Milomo yotsekeka pang'ono, mpweya wautali, wosaduka, osati wozimitsira kandulo. Ndikamatero nthiti zinkatsika n'kuyandikana, chitenje n'kumathina chokha, ndipo chakumapeto kwa mpweya pansi pa mchombo pankalimba popanda ine kulamula. Ameneyo ndiye lamba wa m'kati uja. Minofu ya pamimba ndi imene imafinya mpweya wotsalira kuti utuluke, choncho munthu akauzira motalika, imadzuka yokha. Pa nthawi yomweyo anandiuza kuti ndizinyamula kunsi pang'ono, ngati mmene timachitira tikafuna kusunga mkodzo tili pa mzere. Pang'ono pokha, osati ndi mphamvu zonse. Matako osafinya, ntchafu osapana, nsagwada zomasuka. Pokoka mpweya, zonse zimasuke n'kutsika. Kumasulako n'kofunika mofanana ndi kugwirako, ndipo kwa ine kunavuta kuposa kugwira, chifukwa mimba yanga inali itazolowera kukhala yokungika kuyambira m'mawa mpaka pogona.

Lamulo lake ndi lalifupi: pamene pali ntchito mpweya uzituluka, ndipo uyambe kutuluka ntchitoyo isanayambe. Tinabwerera ku mwendo uja. Chagada, mawondo opinda. Koka mpweya m'nthiti osasuntha kanthu. Yamba kuuzira, dikira pansi pa mchombo palimbe, kenako dzutsa phazi mpaka bondo lifike pamwamba pa chiuno, mpweya ukadali kutuluka. Koka uli pomwepo. Uziranso potsitsa. Kasanu mwendo uliwonse. Zikalakwika zinkaoneka ndi maso: mimba ikatukuka pakati ngati mzere wa m'munda, kapena msana ukachoka pansi n'kusiya mpata wolowa dzanja lonse, ndiye kuti ndapitirira mphamvu zanga. Patapita masabata anawonjezera ena. Kutsetsereketsa chidendene pa mphasa mpaka mwendo utawongoka. Kunyamula matako nditagona chagada. Kugwada ngati mwana wokwawa n'kutambasula dzanja lamanja ndi mwendo wamanzere nthawi imodzi, kenako kusinthana. Onsewa powaona ndi opepuka, ndipo mwana wanga wa Sitandade 6 anawachita akuseka. Koma kuwachita mpweya ukuyenda wosaduka kuyambira poyamba mpaka pomaliza kunkanditulutsa thukuta pa mphumi.

Nditayamba kufufuza pa foni ndinapeza kuti kupumira m'nthiti kumeneku kumaphunzitsidwa kwambiri m'masewera a Pilates. Dzinali ndi la munthu. Joseph Pilates anabadwa mu 1883 ku Mönchengladbach, ku Germany. Nkhondo yoyamba ya padziko lonse inamupeza ali ku England, ndipo pokhala Mjeremani anatsekeredwa pamodzi ndi anzake ambirimbiri pa msasa wa Knockaloe, pa chilumba cha Isle of Man. Kumeneko ankaphunzitsa anzake otsekeredwa masewera olimbitsa thupi. Chapakati pa zaka za m'ma 1920 anasamukira ku New York, komwe iye ndi Clara, mayi amene ankakhala naye, anatsegula malo ophunzitsira pa Eighth Avenue, ndipo akatswiri ovina ambiri, makamaka ovulala, ankapita kwa iye. Njira yake ankaitcha Contrology, ndipo m'buku lake la 1945 analimbikira kwambiri zoti munthu azifinya mapapo mpaka mpweya wonse utatuluka. Anamwalira mu 1967. Masiku ano dzina lake limamveka ngati la anthu a ndalama, a zovala zothina ndi makina a masipuling'i. Ine ndimakonda kukumbukira za msasa uja, kuti anthu amene analibe kanthu kupatula matupi awo ankachita zimenezi pansi. Mphasa yanga ikukwana.

Sewero lake lotchuka amalitcha Hundred. Munthu amagona chagada, mutu ndi mapewa zodzutsa, miyendo m'mwamba, mikono yowongoka m'mbali ikukupiza mofulumira. Kukupiza kasanu ukukoka mpweya, kasanu ukutulutsa, maulendo khumi, zikwane 100. Apa m'pamene kupumira m'nthiti kumaonetsa phindu lake, chifukwa mimba ili pa ntchito, siyenera kutukuka, koma mpweya uyenera kulowabe. Ndinaliyesa ndekha nditaonera vidiyo, wa fiziyo asanandilole. Ndisanafike pa 40 khosi linali litauma, mimba itatukuka, zala zikuchita dzanzi, mutu ukuzungulira. Ndinkayesa mpweya wandichepera. Atandifotokozera ndinamva kuti zinali zosemphana ndi zimenezo. Ndinkapuma mofulumira ndi mozama kwambiri, n'kumataya carbon dioxide, mpweya umene timatulutsa popuma, wochuluka kuposa amene thupi limapanga. Ameneyu akachepa m'magazi, mitsempha yopita ku ubongo imathina, n'chifukwa chake chizungulire ndi dzanzi. Choncho kupuma kwambiri si ndiko kupuma bwino. Anandiletsa sewerolo miyezi itatu, mpaka kampata kaja katachepa, ndipo ngakhale lero ndimalichita mawondo ali opinda.

Pali mkangano wa akatswiri umene ndinaugwera osadziwa. Mu 1996 Paul Hodges ndi Carolyn Richardson a ku University of Queensland, ku Australia, anasonyeza kuti munthu wa msana wabwino akamanyamula mkono mofulumira, lamba wa m'kati uja amadzuka mkonowo usanasunthe, koma mwa anthu odwala msana amachedwa. Kuchokera pamenepo malangizo akuti kokerani mchombo ku msana anafala ponseponse. Stuart McGill wa ku University of Waterloo, ku Canada, anatsutsa. Iye amati kulowetsa mimba kumachepetsa maziko, ndipo chabwino ndi kulimbitsa minofu yonse kuzungulira, ngati munthu amene akuyembekezera chibakera pamimba, uku akupumabe. Kafukufuku wa pambuyo pake anapeza kuti masewera a mtunduwu amathandizadi pa msana wopweteka nthawi yaitali, koma saposa kwenikweni masewera ena ochitidwa mokhulupirika. Ine sindinasankhe mbali. Pa mphasa ndimagwira mofatsa pansi pa mchombo, pa chigubu ndimalimbitsa ponseponse, ndipo konseko chimene ndimayang'anira ndi chakuti mpweya usaime.

Komabe malangizo a mchombo aja anandisocheretsa kwa kanthawi. Ndinayamba kuyenda tsiku lonse nditalowetsa mimba, zimene amayi ambiri timachita kale kuti diresi ikhale bwino. Mimba yolowetsedwa tsiku lonse imamana diaphragm malo otsikira, ndiye mpweya umathawira m'mapewa ndi m'khosi, ndipo madzulo mutu umalemera. N'chimodzimodzi malamba othina amene akugulitsidwa pa Facebook ndi pa WhatsApp, ndi malonjezo akuti mimba ibwerera m'malo mwake m'mwezi umodzi. Amandimvetsa chisoni, chifukwa ogula ake ndi atsikana amene angobereka kumene. Chitenje chimene amayi anga anandimanga nditangochira sindichinyoza, masiku oyamba chinandithandiza kuyenda ndi bala. Koma nsalu imangogwirizira, siphunzitsa mnofu kanthu, ndipo ikathina kwambiri imakankhira zonse kunsi, komwe kuli kofooka kale.

Pulanki, kuja kogona chafufumimba n'kudzinyamula pa zigongono ndi zala za kumapazi, ndiye amaulula zonse. Mchimwene wanga wamng'ono amapita ku jimu, ndipo ankanyadira kuti amafika mphindi zitatu. Nditamuyang'ana akuchita, mitsempha inali itatuluka pa mphumi, akupuma mwa apo ndi apo ngati munthu amene akumira. Ine wa fiziyo anandiletsa kuwerenga masekondi. Ndimawerenga kupuma. Ndinayamba ndi katatu, mawondo ali pansi. Tsopano ndimafika ka 8, mawondo ali m'mwamba. Muyeso wake ndi wosavuta: ngati sindingathe kutchula mayina a ana anga atatu mokweza ndili pomwepo, ndiye kuti ndatseka pakhosi, nditsike. Mchimwene wangayo atayesa kuchita akulankhula, anatsika mphindi imodzi isanathe, ndipo anavomera kuti aka kanali koyamba kumva mimba ikugwira ntchito osati mapewa.

Titatha kukolola ndinapita kumudzi, cha ku Thondwe. Chigayo chapafupi chinali chitawonongeka, ndiye amayi ndi azakhali ankakonola chimanga mu mtondo. M'mawa ndinadzutsidwa ndi phokoso limene ndinakulira: munsi ukugunda, wina kutsika wina kukwera, ndipo pa kugunda kulikonse kamawu kotulukira m'mano, shii, shii. Ndinakamva ubwana wanga wonse osakaganizira. Munsi ukamakwera mpweya ukulowa, ukamatsika ndi mphamvu mpweya ukutuluka. Nyimbo za pamtondo nazonso zili m'momo, pakuti munthu sangaimbe atatseka pakhosi. Wowaza nkhuni ndi nkhwangwa amachita zomwezo. Ndinakhala pa khonde n'kuwafotokozera amayi zimene ndakhala ndikuphunzira kuchipatala. Anandiyankha osaimitsa munsi: "Nanga iwe katundu wakoyo umanyamula uli duu?"

Eya, ndinkanyamula ndili duu. Pa okala pamakhala makasitomala, ndipo mayi wodzilemekeza sabuula pagulu. Ndinkameza mawu pamodzi ndi mpweya womwe. Sindikufuna kukometsa moyo wa kumudzi. Amayi omwewo msana umawavuta, ndipo pali anzawo ena amene chiberekero chinatsika atabereka ana ambiri n'kumasenza ndowa ndi mitolo thupi lisanabwerere m'chimake. Kupuma bwino sikupepusa katundu wopitirira muyeso. Koma nzeru yotulutsa mpweya pa mphamvu inalipo kwathu, m'manja mwa amayi ndi m'nyimbo zawo, ndipo ine ndinaitaya panjira, penapake pakati pa mudzi ndi tauni.

Pali china chimene sindinkayembekezera. Masewerawa satheka maganizo ali kwina. Ndimayala mphasa 5 koloko m'mawa, ana asanadzuke, ndipo ndikangoyamba kuwerengera m'mutu ngongole za makasitomala kapena fizi ya teremu ikubwerayi, mpweya umaduka pomwepo, mwendo uli m'malere. Ndimabwerera ku nthiti n'kuyambiranso. Zimachitika kasanu, mwina kakhumi, pa mphindi 15. Poyamba ndinkadziimba mlandu, tsopano ndimaona kuti kubwererako ndi gawo la sewero lomwelo. Ndipo munthu akaphunzira kumva mpweya wake pa mphasa, amayamba kuumva kwina konse. Ndinayamba kudzipeza ndili wosapuma pamene palibe katundu aliyense: powerenga ndalama madzulo, potsegula uthenga wa pa foni wochokera kusukulu, pomva kuti mafuta akweranso mtengo. Thupi linkachima pa nkhawa ngati mmene limachimira pa belo la shuga. Munthu akamatulutsa mpweya mtima umagunda mochedwerako pang'ono, akamakoka umafulumirako. Gwirani pa mkono pomwe mtsempha umagunda, mupume mofatsa, mwina muzimva nokha. Tikamati wina atsitse mtima pansi timayesa ndi mawu chabe, koma kuuzira kwautali kuja kumachitadi zimenezo m'thupi.

Ine ndine wa pa okala, si wachipatala, ndipo zimene ndalembazi ndinaziphunzira dzanja la munthu wodziwa lili pa nthiti zanga. Ngati muli oyembekezera, mwangochira kumene, muli ndi BP, muli ndi bala la opareshoni losapola, kapena chotupa chimene chimatuluka pa mchombo kapena m'mphechepeche mukachima, kaonaneni kaye ndi achipatala musanayale mphasa. Ululu wa msana wotsikira ku miyendo limodzi ndi dzanzi kapena kufooka, kapena kulephera mwadzidzidzi kusunga kapena kutulutsa mkodzo, n'kothamangira kuchipatala tsiku lomwelo. Ndipo za kudontha, anzanga, zineneni. Ine ndinabisa zaka zitatu. Nditanena, mtsikana uja sanadabwe ngakhale pang'ono, anangofunsa kuti kangati pa tsiku n'kulemba.

Papita chaka ndi miyezi iwiri chigonereni pa kabedi kaja. Kampata kachepa, kakulowa chala chimodzi. Msana umandikumbutsabe nthawi yozizira, kapena ndikakhalitsa m'minibasi ya ku Limbe. Kudontha kunatsala kwa masiku a chimfine chachikulu. Belo la shuga ndinasiya kulinyamula lathunthu, ndimalitsegulira pakhomo n'kumalowetsa mapaketi asanuasanu. Koma chigubu sichigawika. Lachinayi lapitali wa kabaza anachitula pomwe amatula nthawi zonse. Ndinachiyandikira mpaka chinakhudza miyendo, kupinda mawondo, kugwira ndi manja awiri, kukoka mpweya mpaka nthiti za kumbuyo zitatseguka. Kenako ndinayamba kuuzira, mokweza ndithu, shii uja wa pamtondo, n'kuimirira nacho. Panali mayi ena akudikira sopo pa windo. Anasuzumira n'kufunsa ngati ndavulala. Ndinawayankha ndikuyenda, chigubu chili m'manja, kuti ayi, ndili bwino, andidikire pang'ono ndiwapatse sopo wawoyo.